Mmene mungakonzere chionetsero cha zaluso m'chipinda cha yunivesite ndi pabwalo

Ophunzira zojambula ndi zosema akamamaliza maphunziro, kapena gulu la aluso likapatsidwa malo pa yunivesite, kawirikawiri ntchito zonse zimakathera m'chipinda chimodzi. Tsiku lotsegulira kumabwera aphunzitsi, anzawo a m'kalasi ndi achibale ochepa. Mawa lake mumangotsala mlonda ndi zithunzi pakhoma. Chonsecho panja, pafupi pomwepo, pakudutsa anthu tsiku lonse: amayi a mandasi, akabaza, ana ochokera kusukulu, osesa, makolo odzaona ana awo. Ndathandizapo kukonza zionetsero zingapo, ndipo malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kuti chionetsero chake chiime ndi miyendo iwiri, wina mkati wina pabwalo, kuti wodutsa ndi njira aime kaye, kenako alowe.

Yambani ndi chiganizo chimodzi

Musanafunse za chipinda kapena za ndalama, khalani pansi nonse oonetsa ntchito, mugwirizane chimene chionetserocho chikunena. Chikhale chiganizo chimodzi choti mutawauza agogo anu kumudzi angamve. Kunena kuti mukuonetsa zimene mwajambula chaka chino sikukwanira, kumeneko ndi kuwerenga katundu chabe. Koma mukati mukuonetsa ulendo wa makala kuchoka kuphiri mpaka pa mbaula ya m'tauni, mwapeza chosankhira. Chithunzi chokongola cha nyanja, ngakhale chikhale cha mnzanu wa pamtima, chidikire ulendo wina.

Kusankha kumawawa, n'chifukwa chake pamafunika munthu mmodzi woyang'anira chionetsero amene mawu ake ndi otsiriza. Ngati n'kotheka asakhale mmodzi wa oonetsa ntchito.

Kenako patulani za mkati ndi za panja. Zojambula papepala, zosoka, zithunzi za kamera ndi kanema, zonsezi malo ake ndi mkati. Taganizani za ntchito za Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre mu 1973, amene amasoka zithunzi ndi tizidutswa ta silika. Zoterezi zimafuna munthu ayandikire mpaka aone ulusi, ndipo padzuwa zingasuluke.

Ntchito ya panja ili ndi lamulo lake: iyankhule msanga, chifukwa wodutsa sanabwerere inu. Mu Seputembala 2022, pa bwalo la Trafalgar Square ku London anaimikapo chiboliboli chotchedwa Antelope, cha Samson Kambalu, amene anaphunzira zaluso ku Chancellor College ku Zomba, n'kudzakhala pulofesa ku Oxford. Anachitengera pa chithunzi cha mu 1914 cha John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley. Chilembwe wavala chipewa, pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu, ndipo Kambalu anamupanga wamkulu kwambiri kuposa mnzakeyo. Munthu wa m'basi, amene sanamvepo za Mbombwe, komwe kunali mishoni ya Chilembwe, kapena za kuukira kwa mu Januwale 1915, ankaona zinthu ziwiri nthawi imodzi: msinkhu ndi chipewa. Zinazo ankafunsa pambuyo pake. Yanu ya pabwalo ikhalenso ndi chinthu chimodzi kapena ziwiri zogwira diso, zotsalazo mukazinenere mkati.

Pitani mukaime pamalopo

Tengani tepi yoyezera, kope ndi foni. M'chipinda yezani khoma lililonse, kutalika kwake kufika kudenga, ndi kukula kwa chitseko. Chitseko musachiiwale: chithunzi chachikulu cha pachinsalu chimene sichingalowe pakhomo chimakakamiza anthu kuchichotsa pa felemu tsiku lomaliza. Onani pomwe pali mawindo, masoketi ndi madontho a mvula kudenga. Gwirani khoma ndi dzanja, mumve ngati lili ndi chinyezi.

Pabwalo pitanipo katatu, m'mawa, masana ndi madzulo, mungokhala phee n'kumaona. Anthu akuchokera kuti, akulowera kuti? Amaima pati pofuna mthunzi? Dzuwa likamapendeka limawathobwa m'maso akayang'ana mbali iti? Ku Johannesburg, pafupi ndi mlatho wa Queen Elizabeth, kuli ntchito yazitsulo yotchedwa Fire Walker, ya William Kentridge ndi Gerhard Marx, ya mu 2009. Mukaiona cham'mbali ndi zidutswa zakuda ndi zoyera zongomwazikana. Mukafika pamalo oyenera zidutswazo zimakumana, n'kutuluka mayi atasenza mbaula pamutu. Eni ake anayamba adziwa kaye kumene maso a anthu adzachokere. Inunso lembani ndi choko pansi pomwe wodutsa adzayambe kuionera ntchito yanu, ndipo nkhope yake iloze kumeneko.

Nyengo muisankhe ndi nzeru. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi mvula. Mu Juni ndi Julayi, ku Zomba, Blantyre, Thyolo ndi Mulanje chiperoni chimatha kunyowetsa zinthu masiku angapo otsatizana. Okutobala dzuwa lake limathamangitsa anthu pabwalo. Ine ndimakonda Ogasiti ndi Seputembala, ngakhale kuti fumbi ndi kamvuluvulu zimafuna kukonzekera. Muonenso kalendala ya sukulu: pa tchuthi palibe anthu, pa mayeso alipo koma mitima ili kwina. Sabata ya mwambo wopereka madigiri imabweretsa makolo ochokera m'maboma onse, ndipo ambiri mwa iwo sanalowepo m'chionetsero chiyambire.

Chilolezo chikhale cholembedwa

Lembani kalata kwa mkulu wa dipatimenti, ina ku ofesi yoona za malo ndi nyumba, ndipo mkulu wa alonda alandire kope lake. M'kalatamo munene masiku, malo enieni, kukula ndi kulemera kwa zimene muimike panja, ndiponso ngati mudzakumba kapena kuboola khoma. Ngati bwalolo lili kunja kwa mpanda wa sukulu, mwini wake ndi khonsolo, ya mzinda kapena ya boma, ndipo kumadera ena muyenera kuyambira kwa amfumu. Ngati mukuyembekezera khamu, dziwitsani apolisi. Yambani zimenezi miyezi itatu tsiku lisanafike.

Nthawi ina, pa sukulu ina, tinaloledwa pakamwa pokha. Tinaimika ntchito madzulo, koma alonda a usiku sanauzidwe kanthu. M'mawa tinaipeza itakokeredwa kuseri kwa nyumba, mwendo umodzi utathyoka. Alondawo sanalakwe, anaona zitsulo zachilendo panjira n'kuchita ntchito yawo. Kuchokera tsiku limenelo ndimayenda ndi kalata yodindidwa m'thumba, ndipo ndimakaonana ndi alonda a masana ndi a usiku ndekha.

Pali chilolezo china chimene sichichokera ku ofesi. Ngati ntchito yanu ikukhudza Gule Wamkulu, kambiranani ndi akuluakulu a mwambowo musanaiike pabwalo pomwe aliyense aione. Ku Mua, ku Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, zigoba za gule zimaonetsedwa m'nyumba ya Chamare, koma zimenezo zinatheka patapita zaka zambiri akukhala ndi eni mwambo. Chimodzimodzi zithunzi za anthu: amene nkhope yake ikaonekere pagulu avomere yekha, ndipo ngati ndi mwana, avomere makolo.

Ndi aluso anzanu lembani pangano lalifupi. Pa ntchito iliyonse pakhale dzina lake, muyeso, mtengo, mmene ilili pofika, amene adzalipire ikaonongeka, ndi gawo limene lidzatsale kwa okonza ikagulidwa. Wogula chithunzi wagula chinthucho, koma ufulu wochisindikiza pa malaya kapena pa kalendala umatsalabe ndi wojambula pokhapokha atagwirizana mwina. Pa nkhani zotere, komanso pa nyimbo zimene mudzaike pa tsiku lotsegulira, funsani ku COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa aluso pa ntchito zawo.

Pangani kakang'ono kaye

Nsanja imene anaimikapo chiboliboli cha Kambalu chija ku Trafalgar Square inamangidwa mu 1841 kuti padzakhale chiboliboli cha mfumu William IV, koma ndalama zinatha, ndipo inakhala yopanda kanthu zaka zoposa 150. Kuyambira mu 1999 pamaikidwa ntchito zamakono mosinthanasinthana. Asanasankhe, aluso opikisana amapanga tiziboliboli tating'ono, timene timaonetsedwa kwa anthu kuti anene maganizo awo. Njira imeneyi ndi yotchipa ndipo imapulumutsa zambiri. Pangani kanu ndi katoni, waya kapena dongo, mukaike pafupi ndi kachidole koimira munthu kuti muone msinkhu. Kaonetseni kwa wowotcherera zitsulo kapena kalipentala amene adzakuthandizeni, chifukwa iye adzaona msanga pomwe padzathyoke. Kaonetseninso kwa amayi ogulitsa pabwalopo. Akaseka kapena akafunsa funso, muli panjira. Akangoti chabwino n'kutembenuka, bwererani mukaganizenso.

Chipinda nachonso chijambuleni papepala, mudule timapepala toimira zithunzi, muzitisuntha mpaka dongosolo likhazikike.

Pa bajeti, zimene zimadya ndalama kwambiri si chakudya cha alendo koma mayendedwe, penti ya khoma, mafelemu, kusindikiza ndi malipiro a mlonda. Pa ndalama zonse patulani gawo limodzi mwa magawo khumi, musalikhudze mpaka sabata yomaliza.

Kunyamula

Chithunzi cha penti ya mafuta chimene sichinaumitse musachikulunge, chidzamatirira. Zouma muzikulunge ndi pepala loyera kapena nsalu yofewa, m'makona muike makatoni, ndipo m'galimoto ziime chilili, nkhope kuyang'anizana ndi nkhope, katoni pakati. Nyuzipepala isakhudze nkhope ya chithunzi chifukwa inki yake imatsalira. Chosema chilichonse chamtengo muchiyang'ane pansi pake: mukaona timabowo ndi ufa, mtengowo wafumbwa, ndipo usalowe m'chipinda momwe muli zosema za ena. Chilichonse chikafika, chijambuleni ndi foni kutsogolo ndi kumbuyo mwini wake ali pomwepo.

Kupachika

Apa mpamene chionetsero chimaoneka ngati cha anthu odziwa kapena ayi, choncho dzipatseni masiku atatu. Tsiku loyamba tsekani mabowo akale, mupake khoma, liume. Tsiku lachiwiri musakhome msomali ngakhale umodzi mpaka zithunzi zonse zitatsamira khoma pansi, pa makatoni, pamalo pomwe mukuganiza kuti zikhale. Tulukani panja, mulowenso ngati mlendo. Chimene diso likuyamba kugwa pa icho mukangolowa chikhale ntchito yamphamvu kwambiri, ndipo ngati n'kotheka ikhale yoyankhulana ndi ya pabwalo ija. Zithunzi ziwiri zaphokoso musaziyandikizane. Mukaona kuti khoma ladzaza, chotsani chimodzi. Khoma lopanda kanthu pakati pa zithunzi ndi pomwe maso amapumira, ndipo ophunzira ambiri amaliopa pachabe.

Vuto lofala kwathu kuno ndi kupachika m'mwamba kwambiri, ngati chithunzi cha ukwati pabalaza. M'nyumba zambiri zoonetseramo zaluso pakati pa chithunzi pamakhala pa masentimita 145 mpaka 150 kuchoka pansi. Sankhani nambala imodzi, tinene 150, mukoke ulusi pakhoma lonse pa msinkhu umenewo. Kuti mudziwe pokhoma msomali, tengani theka la kutalika kwa chithunzi, muphatikize ndi 150, kenako muchotse mpata wochoka pamwamba pa felemu kufika pa waya wakumbuyo mutaukoka ndi chala ngati wapachikidwa kale. Chithunzi chotalika masentimita 80, chimene waya wake ukufika masentimita 10 pansi pa m'mphepete mwa pamwamba, msomali wake ukhala pa 150 kuphatikiza 40 kuchotsa 10, ndiye kuti 180. Mukatero zithunzi zazikulu ndi zazing'ono zimakhala pa mzere umodzi wosaoneka, ndipo chipinda chimadekha. Chachikulu kwambiri mukhoza kuchitsitsako pang'ono. Ngati mukuyembekezera ana a pulayimale ambiri, tsitsani mzere wonse.

Pakhoma la njerwa ndi simenti gwiritsani misomali ya konkire, ndipo cholemera chipachikidwe pa misomali iwiri kapena mubooleretu khoma ndi drill. Bwerekani levulo kwa omanga nyumba. Kumbuyo kwa felemu, m'makona a m'munsi, matani tizidutswa ta labala kuti mpweya uzidutsa, chifukwa khoma lachinyezi limabereka nkhungu pa chinsalu. Selotepi isakhudze chojambula cha papepala ngakhale pang'ono.

Kuwala kumaononga pang'onopang'ono ndipo chosuluka sichibwerera. Osunga zakale amati za papepala ndi zansalu zisapitirire ma lux 50 (lux ndi muyeso wa kuwala), pomwe za penti ya mafuta zimapirira mpaka cha m'ma 200. Pa foni mukhoza kuikapo pulogalamu yoyezera kuwala, imene ingakupatseni chithunzithunzi. Chachikulu n'chakuti dzuwa lisamenye ntchito mwachindunji: windo loterolo litchingeni ndi nsalu yoyera. Mababu a LED satentha kwambiri, ndiwo abwino. Ndipo konzekerani kuthima kwa magetsi, makamaka ngati muli ndi kanema. Nyali za sola ziwiri kapena zitatu ndi batire yotchajidwa zikhale pafupi.

Kuimika pabwalo

M'chipinda anthu amaona ndi maso, pabwalo amaona ndi manja. Adzagwira, adzatsamira podikira minibasi, adzajambulitsa atakumbatira, ndipo ana adzakwera. Musalimbane nazo polemba zikwangwani zoletsa. Pangani ntchito yoti ipirire zimenezo. Ikaima, anthu awiri amphamvu aikankhe mbali zonse. Ikagwedera, sinathe. Tsinde likhale lotambalala ndi lolemera kuposa pamwamba. Chilichonse chophwatalala, kaya ndi lata, thabwa kapena nsalu, mphepo imachitenga ngati thanga la bwato, choncho chiboolenibooleni kuti mphepo izidutsa, kapena muchimange ndi waya mbali zitatu.

Ngati mwaloledwa kukumba, funsani kaye pomwe padutsa mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi. Konkire muipatse masiku osachepera asanu ndi awiri, mukuithirira madzi, musanaisenzetse katundu. Mphamvu yake yonse imakwana pa masiku 28. Ngati simunaloledwe kukumba, matumba a mchenga obisidwa m'bokosi la pansi amagwira ntchito bwino. Nsonga zonse zakuthwa zipalidwe, makamaka zimene zili pa msinkhu wa maso a mwana. Chitsulo chipakidwe kaye penti yofiira ija yoteteza dzimbiri. Pena paliponse pomwe madzi angadikhe pabooledwe, kuti musaweteremo udzudzu. Siyani njira yokwanira njinga ya olumala ndi wilibala.

Kumbukirani kuti chitsulo ndi ndalama kwa ogula zitsulo zakutha, ndiye usiku pakhale mlonda wolipidwa ndi nyali. Masana alonda anu enieni ndi ogulitsa a pabwalopo. Musawasunthe pamalo awo. Apatseni moni, muwafotokozere ntchitoyo, muwaitane ku mwambo wotsegulira. Ndaona mayi wogulitsa nthochi akufotokozera makasitomala ake tanthauzo la chiboliboli momveka bwino kuposa mmene tinalembera ife, ndipo ndi iye amene ankaletsa ana kuchigenda.

Njira yochoka pabwalo kulowa mkati

Anthu ambiri amaopa khomo la yunivesite, amaona ngati ndi la ophunzira okha. Ku Braamfontein mu mzinda wa Johannesburg, nyumba yoonetseramo zaluso ya yunivesite ya Wits, yotchedwa Wits Art Museum, imene inatsegulidwa mu 2012, ili m'mbali mwa msewu, ndi magalasi oti woyenda pansi amaona mkati, ndipo kulowa ndi kwaulere. Inu mwina mulibe magalasi otero, koma mukhoza kuchita zingapo. Pafupi ndi ntchito ya panja ikani chikwangwani chonena kuti zina zili mkati, kulowa ndi kwaulere, ndi nthawi yotsegula. Jambulani mapazi ndi laimu pansi kuchoka pamenepo mpaka pakhomo. Gwirizanani ndi a pageti kuti wobwera kudzaona chionetsero asabwezedwe chifukwa alibe chiphaso cha sukulu. Chitseko chikhale chotsegula, ndipo pakhomo pakhale munthu wolonjera alendo.

Pambali pa ntchito iliyonse pakhale kapepala: dzina la mwini, dzina la ntchito, chaka, zipangizo ndi muyeso. Timapepala tonse tikhale pa msinkhu umodzi, zilembo zake zowerengeka munthu ataima. Mawu ofotokoza chionetsero chonse, a pafupi ndi khomo, asapitirire ndime ziwiri zazifupi. Alembeni m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo ngati muli ku Mzuzu kapena ku Mangochi muonjezere Chitumbuka kapena Chiyao. Musachite kumasulira Chingerezi cha m'kalasi liwu ndi liwu. Lembani mmene mungamuuzire munthu pamaso, kenako muwerengere wosesa m'chipindamo, muone ngati wamva.

Kutsegulira ndi masiku otsatira

Anthu asanalowe, jambulani chipinda chonse ndi bwalo ndi kamera yabwino. Zithunzi zimenezi ndi zomwe zidzatsale, ndipo mudzazifuna popempha thandizo kapena malo a maphunziro. Uthenga woitana anthu uyende pa WhatsApp, pa Facebook ndi pa wailesi ya m'dera kutatsala masabata awiri, ndipo aphunzitsi akuluakulu a sukulu zoyandikana muwapititsire kalata pamanja.

Mwambo uyambire pabwalo, kenako nonse muyende limodzi kulowa mkati. Zoyankhula zikhale zochepa, ndipo mlendo wolemekezeka muwauziretu mwaulemu kuti ali ndi mphindi zisanu. Zakumwa zikhale panja. Pa masiku otsatira gawanani nthawi kuti m'chipinda musasowe mmodzi wa aluso, chifukwa mlendo amakumbukira kwambiri kucheza ndi mwini chithunzi. Ikani kope loti alendo alembemo, ndipo muziwerenga olowa tsiku lililonse. M'mawa uliwonse wina akayendere ntchito ya panja, aone mawaya, apukute fumbi, atole zinyalala.

Ntchito ikagulidwa, matani kadontho kofiira pa kapepala kake, lembani lisiti, landirani ndalama kaya pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, koma ntchitoyo ikhalebe pakhoma mpaka tsiku lotseka.

Kupasula

Tsiku lopasula lilembedwe m'pangano muja, ndipo galimoto yake ilipiridwiretu, chifukwa pofika apa thumba limakhala litauma ndipo anthu atatopa. Ntchito iliyonse muifanizire ndi chithunzi chimene munajambula pofika, mwini wake asayine kuti walandira. Zulani misomali, tsekani mabowo, pakani khoma. Pabwalo fukulani konkire, kwirirani dzenje, bwezerani kapinga, tsukani mapazi a laimu aja. Kenako lembani tsamba limodzi kwa amene anakupatsani malo, lonena kuchuluka kwa anthu amene anabwera, sukulu zimene zinafika ndi mawu angapo a m'kope la alendo, muikemo zithunzi zitatu. Makiyi mukabweze nokha, ndipo podutsa pabwalo mukatsanzike kwa alonda ndi kwa amayi ogulitsa aja.